Chuma chasamukira m'lamya, mbava nazo zatsatira komweko

MALOWERA — Kale mlimi wa kuno akagulitsa chimanga kapena fodya wake, ndalama ankazimanga pa kansalu n'kuzibisa kudenga, pansi pa mphasa kapena m'kachitini kokwirira kuseri kwa nkhokwe. Adani ake anali chiswe, moto ndi wakuba woboola khoma usiku. Lero alimi ambiri akamachoka pa msika ndalama sizikhalanso m'kansalu ayi, zimakhala m'lamya ya m'manja, ndipo wakuba wa masiku ano safunikanso kuboola khoma kapena kuopa galu. Akhoza kukhala ku Tete, ku Lusaka ngakhale kutsidya kwa nyanja, n'kukolola thukuta la chaka chonse pa kanthawi kochepa.

Anthu ambiri akumudzi amaiona nkhani ya chitetezo cha makompyuta ndi malamya ngati ya mabwana a m'maofesi a ku Maputo. Koma zomwe zachitika m'zaka zapitazi ku Mozambique, ku Zambia ndi ku Malawi zikuonetsa kuti loko womwe umateteza banki yaikulu ndi loko womwe umateteza ndalama za mayi wogulitsa tomato ndi a mtundu umodzi, ndipo onse awiri amachita dzimbiri akapanda kusamalidwa.

DERA LA MAIKO AWIRI

Malowera ndi dera la m'boma la Marávia, lomwe likulu lake ndi Fingoè, m'chigawo cha Tete, ndipo lachita malire ndi chigawo chakum'mawa cha dziko la Zambia. Malirewo anadula minda ndi mabanja koma sanadule chibale. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, yomwe inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu ambiri a mbali ino anathawira ku Zambia, ndipo ena anakakhala ku msasa wa Ukwimi m'boma la Petauke. Ena anabwerera, ena anakwatira kapena kukwatiwa komweko. Mpaka lero ukwati, maliro, malonda ndi mwambo wa Kulamba womwe umachitikira ku Mkaika m'boma la Katete mwezi wa Ogasiti zimasonkhanitsa anthu a mbali zonse ziwiri.

Chifukwa cha ichi sizachilendo kupeza munthu ali ndi masimu awiri m'lamya imodzi, ina ya ku Mozambique ina ya ku Zambia, monganso momwe m'thumba mwake mumapezekera mametikali ndi makwacha. Mbali ino kuli Vodacom, yomwe inayambitsa M-Pesa mu 2013, Movitel, yomwe inayamba ntchito mu 2012 n'kufalitsa kwambiri malamya kumidzi ndipo ili ndi e-Mola, komanso Tmcel yomwe ili ndi mKesh. Mbali ya ku Zambia kuli Airtel Money ndi MoMo ya kampani ya MTN. Kwa munthu wokhala kutali ndi banki, njirazi zachotsa ulendo wautali komanso mantha oyenda ndi ndalama zambiri panjinga m'tchire.

Komatu phindu limeneli labwera ndi udindo watsopano. Lamya ija tsopano ndiyo nkhokwe, ndiyo banki, ndiyo positi ofesi. Funso ndi lakuti, nkhokwe imeneyi ndani akuimata?

CHOMWE CHIMAYENDETSA MAKINA

Lamya iliyonse yamakono ndi kompyuta yaing'ono. M'kati mwake muli pologalamu yaikulu yomwe imalamulira zonse, kuyambira pa kuyatsa, kutsekula WhatsApp, kusunga zithunzi mpaka kuletsa pologalamu ina kuti isasuzumire mauthenga a mwini wake. Pa Chingerezi amaitcha operating system. M'malamya ambiri omwe amagulitsidwa m'misika ya kuno pologalamuyi ndi Android ya kampani ya Google, pomwe m'makompyuta ambiri a m'maofesi, m'masukulu ndi m'zipatala ndi Windows ya kampani ya Microsoft.

Mapologalamuwa amalembedwa ndi anthu, choncho salephera kukhala ndi ming'alu. Mbava za pa intaneti zimakhalira kufunafuna ming'aluyo, ndipo makampani akaitulukira amatumiza zigamba zoitsekera. Uthenga uja umabwera pa lamya wonena kuti pali update, womwe ambiri amaukana poopa kutha kwa mamega, nthawi zambiri umakhala utanyamula zigamba zimenezi. Google inayamba kutulutsa zigamba za Android mwezi ndi mwezi mu 2015.

Mlimi aliyense amadziwa kuti nkhokwe sumata kamodzi n'kuiwala. Chaka ndi chaka amaimatanso, apo ayi makoswe ndi anankafumbwe amapeza polowera. Kusiyana kwake n'kwakuti dothi lomatira nkhokwe mlimi amakumba yekha, pomwe chigamba cha lamya chimachokera kwa amene anaipanga. Tsiku lomwe wopangayo wanena kuti wasiya kusamalira mtundu wakutiwakuti, makinawo amapitiriza kuyaka ndi kugwira ntchito monga kale, koma mng'alu uliwonse watsopano umakhala wosatseka mpaka kalekale.

Izi n'zomwe zinachitika pa 14 Okutobala 2025, tsiku lomwe Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, yomwe inatuluka mu 2015. Kampaniyi inapereka mpata woonjezera wa chaka chimodzi, mpaka Okutobala 2026, kwa anthu omwe alembetsa mwapadera. Vuto ndi lakuti Windows 11, yomwe inalowa m'malo mwake, imakana kulowa m'makompyuta ambiri akale chifukwa imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso makina atsopanoko. Windows 7 yokha inasiyidwa kale pa 14 Januwale 2020.

Nkhaniyi ikukhudza madera ngati kuno chifukwa makompyuta otsika mtengo omwe amafika kumidzi kawirikawiri amakhala oti anagwirapo kale ntchito kwina. Kompyuta yotere ndi yomwe ingapezeke pa kagolosale koikira nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi, kapena polembera makalata ndi kujambula zitupa. Memori khadi ya munthu ikalowa m'kompyuta yodwala, imabwerera kunyumba itatenga matenda.

Kuopsa kochedwa kumata kunaoneka mu Meyi 2017, pomwe kachirombo ka pa kompyuta kotchedwa WannaCry kanafalikira m'maiko pafupifupi 150. Ku Britain zipatala zina zinabweza odwala chifukwa makompyuta awo anatsekeka. Chomvetsa chisoni n'chakuti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba cha mng'alu umenewo mu Malichi chaka chomwecho, koma ambiri anali asanachiike.

NAWO AKULUAKULU ANAGWA

Akuluakulu akale anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Maiko atatu omwe anthu a m'malire muno amayendamo onse analawapo kale zowawa za makina.

Pa 16 Novembala 2018 anthu ambiri ku Mozambique anapeza makina otapira ndalama a mabanki komanso timakina tolipirira ndi khadi m'masitolo tisakugwira ntchito. Sikunali kuthima kwa magetsi ayi. Kampani ya ku Portugal yotchedwa Bizfirst, yomwe inali mwini wa pologalamu yoyendetsa SIMO, njira yomwe imalumikiza mabanki a m'dziko muno, inatseka pologalamuyo chifukwa cha kusamvana pa za malipiro ndi mgwirizano. Kwa masiku pafupifupi asanu anthu anali pa mizere italiitali m'mabanki, ena ndalama ali nazo koma osatha kugula ngakhale mafuta a galimoto. Mwezi wotsatira banki yaikulu ya Banco de Moçambique inasainirana mgwirizano ndi kampani ina ya ku America yotchedwa Euronet. Dziko linaphunzira kuti amene wasunga kiyi wa pologalamu ali ndi mphamvu pa ndalama za anthu mamiliyoni.

Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya ku Zambia, Bank of Zambia, inalowereredwa ndi gulu la mbava za pa intaneti lotchedwa Hive. Magulu otere amalowetsa kachirombo komwe kamatseka mafayilo onse, kenako n'kuuza mwini wake kuti apereke dipo kuti amutsekulire. Bankiyo inakana kulipira ndipo inabwezeretsa ntchito zake. Gulu la Hive linaphwasulidwa ndi apolisi a ku America ndi a ku Ulaya mu Januwale 2023, koma ena a khalidwe lomwelo akadalipo.

Ku Malawi, kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza ziphaso zoyendera inaima kwa masabata angapo. Lazarus Chakwera, yemwe anali Pulezidenti pa nthawiyo, anauza nyumba ya malamulo mu Febuluwale kuti akathyali analowerera makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dzikomo ndipo ankafuna dipo, lomwe anati boma silipereka. Omwe anavutika kwambiri anali anthu wamba ofuna kupita ku ntchito, ku sukulu ndi ku chipatala kunja kwa dziko.

Nthawi zina ngozi imachokera kwa mlonda yemwe. Pa 19 Julayi 2024 kampani ya CrowdStrike, yomwe ntchito yake ndi kuteteza makompyuta a makampani akuluakulu, inatumiza chigamba cholakwika. Malinga ndi Microsoft, makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anakanika kuyaka. Ndege zinalephera kunyamuka m'maiko ambiri, ndipo ku South Africa, komwe kuli abale ambiri ochokera m'maiko ano, makasitomala a banki ya Capitec anavutika kwa maola angapo.

Phunziro la nkhani zonsezi kwa munthu wakumudzi ndi losavuta. Makina, ngakhale a boma kapena a banki, akhoza kuima tsiku lililonse. Munthu wanzeru amasungako kandalama kochepa pamanja ka chipatala ndi chigayo, amalemba m'kope manambala ofunika ndi ngongole za anthu, ndipo sataya malisiti kapena mauthenga otsimikizira kuti ndalama zatumizidwa.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Makampani ena tsopano akulonjeza kusamalira malamya awo kwa nthawi yaitali. Google mu 2023 ndi Samsung mu 2024 analonjeza zaka zisanu ndi ziwiri za zigamba pa malamya awo apamwamba. Koma amenewo ndi a mtengo woti mlimi angagulire ng'ombe. Malamya otsika mtengo amalandira zigamba kwa nthawi yochepa, ndipo yogula kwa munthu wina ikhoza kukhala kuti inasiyidwa kalekale ngakhale ikunyezimira kunja. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Zinachitikapo kuti lamya inatuluka m'katoni ili kale ndi matenda. Mu Ogasiti 2020 kampani yofufuza ya Upstream inalengeza kuti inapeza kachirombo kotchedwa Triada m'malamya pafupifupi 53,000 a mtundu wa Tecno W2 omwe anagulitsidwa ku Ethiopia, Ghana, Cameroon, Egypt ndi South Africa. Kachiromboko kankalembetsa eni malamya ku zinthu zolipira iwo osadziwa, ndipo mayunitsi ndi mamega awo ankangotha. Kampani ya Transsion, yomwe imapanga malamyawa, inati vutolo linachokera kwa wina mwa omwe ankaigulitsa zipangizo ndipo inatulutsa chigamba chake.

Komabe nthawi zambiri matenda amalowa ndi dzanja la mwini wake. Pofuna kupulumutsa mamega, achinyamata amapatsirana mapologalamu kuchoka pa lamya ina kupita pa ina, osadziwa komwe anachokera. Ena amaika WhatsApp wachinyengo yemwe amalonjeza zinthu zomwe weniweni alibe, ena amaika mapologalamu a ngongole zachangu, a juga kapena olonjeza intaneti yaulere. Pologalamu yotere ikapempha chilolezo chowerenga mauthenga, ndiye kuti ikhoza kuonanso manambala achinsinsi omwe banki kapena kampani imatumiza. Pologalamu ya tochi kapena ya nyimbo ilibe chifukwa chofunira kuwerenga mauthenga a munthu kapena kuona manambala a abale ake.

Malo ena ofunika kusamala ndi kwa okonza malamya ndi kotchajitsa. Ambiri mwa anyamata ogwira ntchitozi ndi okhulupirika ndipo amathandiza mudzi, koma lamya yosiyidwa tsiku lonse yopanda loko, simu ili momwemo, ili ngati nyumba yosiyidwa chitseko chili pululu pa tsiku la msika. Munthu akamasiya lamya kokonzetsa ayenera kuchotsamo simu ndi memori khadi.

Pali nkhani yabwino kwa omwe ali ndi malamya atsopanoko. Mu 2024 Google inayamba kufalitsa njira zotetezera lamya ikabedwa pa Android 10 ndi zotsatira zake. Imodzi mwa njirazi imatseka lamya yokha ikamva kuti wina waitsomphola n'kuthawa nayo. Koma njirazi zimafuna kuti mwini wake azitsekule yekha, ndipo sizithandiza ngati lamyayo ilibe nambala yotsekera.

WAKUBA WA PAKAMWA

Anthu ambiri kumidzi amagwiritsa ntchito timalamya tamabatani, ndipo ena amaganiza kuti iwo nkhaniyi siikuwakhudza. N'zoona kuti timalamya timeneti sititenga matenda a mapologalamu ngati zazikulu zija. Koma mbava zambiri sizilimbana ndi makina, zimalimbana ndi mutu wa munthu.

Njira zake n'zodziwika mbali zonse ziwiri za malire. Munthu amalandira uthenga wooneka ngati wa kampani wonena kuti walandira ndalama, kenako wina amaimba modandaula kuti watumiza molakwitsa ndipo amubwezere. Wachifundoyo akatumiza, amadzazindikira mochedwa kuti palibe chomwe chinalowa. Ena amaimba ngati ogwira ntchito ku kampani ya lamya, n'kunena kuti nambala itsekedwa lero lomwe ngati munthu satchula PIN yake kapena manambala omwe angomutumizira. Ena amanena kuti munthu wapambana mphoto, kapena kuti dzina lake lili pa mndandanda wa olandira feteleza kapena thandizo la boma, koma ayambe walipira kandalama kolembetsera. Enanso amanamizira kuti mwana wadwala mwadzidzidzi ku sukulu kapena m'bale wagwidwa ndi apolisi pa malire.

Mabodza onsewa ali ndi chizindikiro chimodzi: amamufulumizitsa munthu kuti asapeze mpata wofunsa mnzake. Safunsa anadya phula. Makampani a malamya ndi mabanki amanena mobwerezabwereza kuti wogwira ntchito wawo sapempha PIN ya munthu. Wopempha PIN, ngakhale alankhule mwaulemu chotani, m'Chipwitikizi, m'Chingerezi kapena m'Chichewa, ndi wakuba.

Asaganize munthu kuti ochita izi ndi anyamata osowa chochita okha. Mu Epulo 2024 akuluakulu a boma ku Zambia anathyola ofesi ya kampani yotchedwa Golden Top Support Services ku Roma mu mzinda wa Lusaka, n'kugwira anthu 77 komanso kupeza masimu oposa 13,000. Achinyamata a ku Zambia ankalembedwa ntchito pamalopo kuti azicheza ndi anthu pa lamya motsatira mawu okonzeratu. Mu Juni chaka chomwecho khoti linalamula gulu la anthu ochokera ku China kukakhala kundende zaka zoyambira 7 mpaka 11. Uku ndi kuba kokhala ndi ofesi, mabwana ndi malipiro a pamwezi.

Njira ina yoopsa ndi yobera munthu nambala yake. Wakuba amapita ku kampani ndi zikalata zabodza, kapena amagwirizana ndi wogwira ntchito wosakhulupirika, n'kunena kuti simu yake yatayika. Akapatsidwa simu yatsopano ya nambala yomweyo, ya mwini wake imafa, ndipo mauthenga onse a banki amapita kwa wakubayo. Vutoli linakula ku Mozambique mpaka mabanki ndi makampani a malamya anagwirizana zokhazikitsa njira yoti banki izitha kufunsa ngati simu ya kasitomala yasinthidwa posachedwa, n'kuimitsa kaye kutumiza ndalama. Kampani ya Kaspersky inalemba za njirayi mu 2019 ngati chitsanzo choti maiko ena atengerepo. Kumudzi, komwe netiweki imabwera n'kupita, chizindikiro cha kubedwa kotere chimabisika. Koma ngati anzake onse a kampani yomweyo akuimba bwinobwino pamalo omwewo, ya iye yekha ili zii, munthu asadikire mawa.

SIMU YA DZINA LA WINA

Apa ndi pomwe anthu a m'malire ali ndi mng'alu wawowawo. Maiko onse awiri amafuna kuti simu ilembetsedwe ndi chitupa. Ku Mozambique bungwe loyang'anira ndi INCM, ndipo mu 2023 boma linakhazikitsa malamulo atsopano, Decreto 13/2023, omwe akuphatikizapo kujambula nkhope ndi zidindo za zala polembetsa. Ku Zambia bungwe lake ndi ZICTA.

Munthu wa mbali ino wofuna nambala ya ku Zambia, kapena amene alibe chitupa, kawirikawiri amapempha msuweni, mlamu kapena wogulitsa masimu kuti amulembetsere m'dzina lake. Zinthu zimayenda bwino mpaka tsiku lomwe lamya yatayika kapena PIN yatsekeka. Pamenepo kampani imafuna mwini dzina, osati mwini ndalama. Ngati mlamu uja anasamukira ku Lusaka, anamwalira kapena ukwati unatha mwa mkangano, ndalama zimakhala zikuoneka koma zosatheka kuzigwira. Ndiponso mwini dzinayo, atafuna, akhoza kukatenga simu ina ya nambala yomweyo popanda womuletsa.

Kumbali inayo, wobwereketsa dzina lake nayenso ali pa ngozi. Nambalayo ikagwiritsidwa ntchito pobera anthu, apolisi adzagogoda pakhomo pa amene dzina lake linalembedwa. N'chifukwa chake ndalama zambiri ziyenera kukhala pa nambala yomwe ili m'dzina la mwini wake, ndipo amene alibe chitupa achite chotheka kuti achipeze. Izi zimathandizanso pa maliro, chifukwa abale akamakafunsa za ndalama za malemu ku kampani amafunsidwa zikalata zogwirizana ndi dzina lomwe linalembetsedwa.

Pali agogo ndi amayi ambiri omwe sadziwa kuwerenga, ndipo akafuna kutapa ndalama amapereka lamya kwa ejenti kapena kwa mdzukulu n'kumuuza PIN mokweza pagulu. Sikulakwa kwawo. Koma banja likhoza kusankha munthu mmodzi wokhulupirika woti aziwaperekeza, ndiponso kuwaphunzitsa kudina okha manambala anayiwo, monga momwe amadziwira kuwerenga ndalama ngakhale sanapite ku sukulu.

Magulu nawo asamale. Ndalama za chilimba, za gulu losunga ndi kubwereketsa, za mpingo kapena za kalabu ya alimi zikakhala m'lamya ya msungichuma yomwe ana amaseweretsa madzulo, ndiye kuti chuma cha anthu makumi awiri chatsamira pa loko mmodzi. Gulu lanzeru limakhala ndi nambala yakeyake, limalemba zonse m'buku, ndipo pa msonkhano uliwonse anthu awiri kapena atatu amaona ndi maso awo ndalama zomwe zatsala.

ZOYENERA KUCHITA NYENGO YOKOLOLA ISANAFIKE

Mbava zimadziwa kalendala ya mlimi. Zimadziwa nthawi yomwe fodya ndi chimanga zagulitsidwa, nthawi ya fizi ndi nthawi yogula mbewu. Choncho kukonzekera kuyambe ndalama zisanalowe.

Choyamba ndi PIN. Isakhale chaka chobadwa, 1234, 0000 kapena manambala omaliza a lamya, ndipo isalembedwe pa kapepala koika kuseri kwa batire. PIN ya ndalama isiyane ndi nambala yotsekera lamya. Amene anauzapo munthu wina PIN yake aisinthe.

Chachiwiri, lamya ikhale ndi loko, ndipo simu nayo ikhoza kuikidwa nambala yakeyake kuti wakuba akaichotsa n'kuiika m'lamya ina isagwire ntchito. WhatsApp alinso ndi njira yoika nambala yachinsinsi yoonjezera kuti wina asalande akaunti n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale m'dzina la mwini wake.

Chachitatu, uthenga wa update usakanidwe. Munthu akafika pomwe netiweki ili yamphamvu, alole lamya imalize kudzimata. Mamega omwe angathe pamenepo ndi ochepa poyerekeza ndi ndalama za mabelo a fodya. Mapologalamu atengedwe ku Play Store basi, ndipo omwe mwini lamya sakuwadziwa achotsedwe.

Chachinayi, pogula lamya munthu asangofunsa za kamera ndi batire. Aone mtundu wa Android womwe ulimo ndi tsiku lomwe inalandira chigamba chomaliza, zomwe zimalembedwa m'kati momwe mumasinthidwira zinthu. Ngati papita zaka chilandirireni chigamba, lamyayo ndi yabwino kumverera nyimbo, osati kusungira ndalama. Yogula kwa munthu wina ifufutidwe zonse isanayambe kugwira ntchito, ndipo wogulitsayo achotsemo yekha akaunti yake wogula akuona. Wokana kutero mwina lamyayo si yake.

Chachisanu, uthenga wonena kuti ndalama zalowa usakhulupiriridwe msanga. Munthu ayang'ane yekha ndalama zomwe zili mu akaunti yake. Wonena kuti watumiza molakwitsa auzidwe kuti akadandaule ku kampani. Wonena kuti m'bale ali pa mavuto adikire kaye mpaka m'baleyo aimbiridwe pa nambala yake yodziwika.

Pomaliza, lamya ikabedwa kapena ndalama zikasowa, munthu aimbire kampani nthawi yomweyo pa lamya ya mnzake kuti nambala itsekedwe, kenako akanene ku polisi ya dziko lomwe nambalayo inalembetsedwa. Ambiri amabisa chifukwa cha manyazi, poopa kusekedwa kuti anapusitsidwa. Koma kubisako ndi komwe kumapatsa wakuba mpata wobera nyumba yotsatira ndi bodza lomwelo. Ngati banki yaikulu ya dziko inalowereredwa, palibe chochititsa manyazi kuti mlimi anamizidwe.

Aphunzitsi, azaumoyo ndi ogwira ntchito m'maofesi omwe ali ndi makompyuta afunse akuluakulu awo ngati makinawo akulandirabe zigamba, ndipo mafayilo ofunika, monga mayina a ophunzira ndi a odwala, asungidwe malo awiri. Mafumu, anyakwawa ndi atsogoleri a mipingo, omwe mawu awo amamveka pa misonkhano ndi pa maliro, angathandize potenga mphindi zochepa kuchenjeza anthu awo za bodza lomwe lafika kumene m'dera.

Lamya ya m'manja yachepetsa mtunda pakati pa Malowera ndi Fingoè, Tete, Katete ndi Johannesburg, ndipo palibe amene akufuna kubwerera ku masiku a kachitini kokwirira pansi. Chofunika n'chakuti mwambo wakale wosamala nkhokwe usatsalire kumunda. Mlimi yemwe salola mlendo kusuzumira m'nkhokwe yake asalolenso mlendo wa pa lamya kudziwa manambala ake anayi. Wakutsina khutu ndi mnansi.